Kwa mafumu a ku Dedza ndi ku Ntcheu: mlandu wa nkhanza usamathere pa mbuzi

Kwa Inkosi ya Makosi Gomani. A Gogo Chalo a kwa Kachindamoto, Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Tambala ndi Kamenyagwaza. A kwa Kwataine, Njolomole, Ganya, Champiti, Mpando ndi Makwangwala. Anzanu onse amene sindinawatchule, pamodzi ndi magulupu ndi nyakwawa zanu. Komanso mabwana a DC ndi akuluakulu a polisi m'maboma awiriwa.

Bayethe Nkosi. Zikomo eni dziko.

Ndine mayi wa kumapiri kuno, mlimi wa mbatata ya kachewere. Pamabwalo anu ndakhalapo, nthawi zina ngati mboni, nthawi zina moperekeza mnzanga amene diso latupa. Mwambo sundilola kuimirira pamaso panu n'kuyamba kukulangizani, komanso pabwalo mkazi akatalikitsa mawu nduna imamudula. N'chifukwa chake ndasankha kulemba, kuti ndilavule zakukhosi zonse popanda wondiuza kuti ndifupikitse.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakwatiwapo m'Malawi muno, 42 anachitidwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa kugonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Anapezanso kuti pafupifupi theka la amayi ochitidwa nkhanza sanauzepo munthu aliyense. Amene amalimba mtima n'kulankhula, ochuluka amayambira kwa abale, ndipo ofika kupolisi ndi ochepa. Ndiye kuti milandu yambiri ya nkhanza za m'banja imayambira pakhonde la ankhoswe n'kukathera pansi pa mtengo kwa nyakwawa. Majisitireti wa pa boma amangoona yotsalira. Oweruza enieni a nkhani zimenezi ndinu, mafumu, kaya munafuna kaya simunafune, ndipo momwe mukuweruzira ndi momwe ana athu aamuna akuphunzirira kuti kumenya mkazi kumadula ndalama zingati.

Mundilole ndifotokoze momwe zimayendera, ngakhale mukuzidziwa kuposa ine. Mbatata yakumbidwa. Bambo wakweza matumba pangolo, wakagulitsa pa Lizulu kapena pa Bembeke, ndipo akubwera patapita masiku, m'thumba mulibe kanthu, mkamwa mukununkha kachasu. Mayi amene anapalira ndi kukwezera mbatatayo wafunsa za ndalama ya feteleza wa ngongole. Yankho lake ndi mpini wa khasu. Usiku womwewo wathawira kwa nkhoswe yake. Ankhoswe a mbali ziwiri akumana, alephera, nkhani yapita kwa amfumu. Wodandaula ndiye ayambe wapeza ya chabwalo, apo ayi mlandu sulowa.

Tsiku la mlandu mayi wakhala pansi chakumbali, mwamuna wakhala pafupi ndi madoda anzake amene amamwa nawo. Funso loyamba limapita kwa mayi: "Nanga inu munawafunsa bwanji bambowa? Simunawalalatire?" Akatero mlandu wagawika kale pakati. Bambo akapatsidwa mpata amawerama n'kunena kuti unali mowa, kapena kuti Satana anamulowa. Chigamulo chimagwa: nkhuku ya chipepeso kwa mayi, mbuzi kwa amfumu. Mbuziyo ikuchokera m'khola la pakhomo pomwepo, mwina ndi yomwe mayiyo anagula atagawana ndalama ku banki m'khonde. Wamenyedwa yekha, walipira chabwalo yekha, chindapusa chatulukanso m'thukuta lake. Kenaka mawu otsekera aja: "Gwiranani chanza, banja ndi kupirira." Anthu aomba m'manja, abalalika. Awiriwo abwerera njira imodzi, bambo patsogolo. Chitseko chikangotsekedwa, mawu oyamba amakhala akuti, "Wandichititsa manyazi pagulu."

Palibe amene bwalo lamutuma kuti akagogode pakhomopo mawa lake, kapena sabata ya mawa, kapena mbatata ina ikadzakumbidwa. Bwalo limayesa kuti lapambana chifukwa banja silinathe. Ife alimi timadziwa kuti chiwawu chikalowa m'munda, wopopera mankhwala kamodzi n'kusapondamonso wangotaya ndalama zake. Umu ndi momwe tikuchitira ndi nkhanza.

Mabwana a m'maofesi mumadandaula kuti amayi amakatseka okha milandu kupolisi, ena mpaka kuwanena kuti ndi opusa. Sali opusa. Amawerengera. Bamboyo akamangidwa, adzalima mizere ndani? Fizi ya mwana wa ku sekondale ichokera kuti? Apongozi ndi alamu akayamba kumuimba kuti "wamangitsa mwana wathu," athawira kuti, makamaka ngati ali pachitengwa? Munthu wochokera ku Kasinje, ku Tsangano kapena ku Mayani, kuti akafike pa boma ayenera kulipira njinga yamoto, ndipo mlandu ukaimitsidwa abwerenso ndi ndalama ina. Kwa ife a m'mbali mwa msewu wa M1 pali vuto linanso. Pa Lizulu munthu akangodumpha msewu ali m'dziko la Mozambique, ndiye womenya mkazi akamva kuti apolisi akumufuna amakakhala kwa abale ku Angonia mpaka nkhani itazizira. Ndende zathu nazonso n'zodzaza mopitirira muyeso. Khoti Lalikulu linanena kale zimenezi mu 2009 pa mlandu umene mkaidi wina, Masangano, anasumira boma. Munthu amene wakhala mothithikana choncho sikawirikawiri kutulukamo ali wofatsa.

Choncho mayi amaona makomo awiri okha. Lina limamubweza kwa womumenya atagwirana naye chanza, lina limamuchotsera wogwira khasu n'kumusiyira udani wa mtundu wonse. Koma mukawafunsa amayi ambiri chimene akufuna, amayankha mawu ochepa: "Ndikungofuna asiye kundimenya." Ena amafuna kuchoka mwamtendere ndi ana awo ndi katundu wawo. Pa zonse ziwirizi mudzi ukhoza kuchita zambiri kuposa zimene ukuchita lero.

Vuto limeneli si lathu lokha. Ku America, amayi achikuda ndi amayi obwera kuchokera kumaiko ena ankaopa kuitana apolisi chifukwa apolisiwo ankawazunzanso, kapena kuthamangitsa abale awo m'dzikomo. Mu 2000 ena mwa iwo anayambitsa gulu lotchedwa INCITE!, ndipo mu 2004 mayi wina, Mimi Kim, anayambitsa bungwe la Creative Interventions mumzinda wa Oakland, kuti abale, abwenzi ndi oyandikana nawo aphunzire kuletsa nkhanza iwo eni. Njira imeneyi amaitcha transformative justice. Amayamba ndi kufunsa wovulazidwayo chimene akufuna kuti agone tulo. Kenaka amasonkhanitsa anthu amene wolakwayo amawamvera, kuti amukhalire pakhosi mpaka avomereze zimene anachita, akonze zimene anawononga, ndi kusintha khalidwe, ngakhale zitenge miyezi kapena zaka. Samaiwalanso kudzifunsa okha kuti pamene mnzawo ankalira, iwo anali kuti. Ku Canada, mudzi wa Hollow Water m'chigawo cha Manitoba unayamba m'zaka za m'ma 1980 kulimbana ndi nkhanza zogonana zimene zinabisika m'mabanja kwa mibadwo. Kumeneko sanataye khoti: wolakwa ankavomera mlandu pamaso pa woweruza, koma mudzi ndiwo unkamuyang'anira kwa zaka. Kufupi kuno, ku Kampala m'dziko la Uganda, bungwe la Raising Voices linaphunzitsa anthu wamba, amuna ndi akazi, kuti azikambirana ndi anzawo za mphamvu m'banja kudzera m'ndondomeko ya SASA!, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anapeza kuti kumenyedwa kwa amayi m'madera amenewo kunali kotsika ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi madera ena.

Chimene chimandiseketsa pang'ono n'chakuti anzathu a ku Oakland anachita kuvutika kufunafuna anthu oti azungulire banja, pamene ife tinabadwira m'kati mwa anthu otero. Tili ndi ankhoswe, atsibweni, eni mbumba, anankungwi, amayi a Mvano, a m'miphakati, a dambwe, a komiti ya chitukuko. Banja lililonse kuno lili ndi anthu osachepera awiri amene anavomera pagulu kuti adzaliyang'anira. Anthu tili nawo. Ntchito imene tinawapatsa ndiyo yolakwika: tinawatuma kuteteza ukwati, ndipo munthu amene ali m'kati mwa ukwatiwo tinamuiwala.

Kuti mfumu ikhoza kutembenuza mwambo, umboni uli kwathu konkuno. Mayi Theresa Kachindamoto anaitanidwa kuchoka ku Zomba, kumene ankagwira ntchito ya ulembi pa koleji, kudzakhala pampando ku Mtakataka mu 2003. Ataona ana a zaka 12 atabereka ana anzawo kumsana, sanadikire Nyumba ya Malamulo. Anasainitsa mafumu awo pangano, anathetsa maukwati a ana opitirira 800 pofika 2016, ndipo nyakwawa zimene zinkalolabe maukwatiwo anaziimitsa paufumu mpaka zitakonza. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zokhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, zinapeza ntchito ili m'kati. Koma chimene anthu satchula kawirikawiri ndi ichi: anaika amayi ndi abambo achinsinsi m'midzi oti aziona ngati mtsikana wabwereradi kusukulu, kapena ngati makolo amubweza kwa mwamuna mwakabisira. Anadziwa kuti chigamulo cha pabwalo n'chiyambi chabe. Nzeru yomweyo ndi imene ndikupempha kuti muibweretse pa nkhanza za m'banja.

Poyamba penipeni, mayi amvedwe payekha, mwamuna wake palibe, achibale a mwamuna palibe. Amumve ndi amayi awiri kapena atatu amene mudzi umawakhulupirira kuti sayenda ndi nkhani pamjigo. Munthu sangafotokoze kuti amakakamizidwa kugonana, kapena kuti anamuopseza ndi mpeni, pamene womuopsezayo akumuyang'anitsitsa ndipo apongozi ake aamuna ali pomwepo. Amayiwo amufunse ngati akuopa kubwerera, ngati ana akumenyedwanso, ndi kuti akufuna bwalo limuchitire chiyani. Akanena kuti sakufuna kukumana ndi mwamunayo, asakakamizidwe. Akanena kuti banja latha, bwalo limuthandize kugawa katundu mwachilungamo ndi kukonza za chisamaliro cha ana, osati kumuchonderera mpaka atopa. Kugwirana chanza kolamula kuja kuthe. Kukhululuka ndi kwa mwini wake, ndipo kuli ndi nthawi yake.

Funso la "agona kuti usiku uno" liyankhidwe bwalo lisanabalalike. Pachikamwini yankho n'losavuta, ndipo makolo athu ankalidziwa: mudzi ndi wa mkazi, choncho wolongedza ndi mkamwini, abwerere kwa amayi ake mpaka eni mbumba atakhutira kuti wasintha. Masiku ano eni mbumba ambiri amaopa mkamwini wandalama kuposa momwe amakondera mlongo wawo, ndipo izi n'zochititsa manyazi. Pachitengwa m'pamene pali ntchito, chifukwa mayi wazunguliridwa ndi abale a mwamuna. Pamenepo nyakwawa ikhale ndi makomo odziwika m'mudzi mwake, awiri kapena atatu, amene mtengwa angagogode usiku n'kutsekuliridwa, ndipo zilengezedwe kuti wokasokoneza pakhomo lotero walakwira mfumu. Akadaulo a nkhanizi amachenjeza kuti nthawi imene mayi akuchoka ndi imene ngozi imakula, choncho polongedza asapite yekha.

Tsopano za mwamunayo, pakuti apa m'pamene pagona nkhani. "Ndinalakwa, unali mowa" asamalandiridwe ngati kuvomera. Mowa womwewo amamwa ndi anzake, koma sanamenyepo nyakwawa kapena wapolisi ataledzera. Amadikira afike kunyumba. Anene ndi pakamwa pake chimene anachita, ndi chiyani, kangati, ana ali pati. Akayamba "koma iyenso," abwezedwe. Kenaka bwalo litchule maina a amuna awiri kapena atatu a mbali yake oti amuyang'anire: atsibweni ake, mkulu wake, ndipo ndikanakonda pakhalenso mmodzi wa anzake a pamowa, chifukwa amenewo ndiwo amamva zimene amalankhula za mkazi wake. Amuna amenewa avomere pagulu kuti azikumana naye sabata iliyonse, kuti tsiku la msika azionetsetsa kuti ndalama yafika pakhomo, ndipo kuti akadzamenyanso iwonso adzayankha. Mbali ya mayi kukhale amayi anzake omuyendera, omufunsa ali yekha. Pakatha mwezi nkhani ibwerere kubwalo, pakatha miyezi itatu ibwererenso, ndiponso nyengo yogulitsa zokolola ikafika. Mlembi wa amfumu alembe zonse m'kaundula, kuti munthu akabwera kachitatu asamaoneke ngati mlendo.

Ndikudziwa kuti mbuzi ya amfumu ndi nkhani yovuta kuikhudza, pakuti mswahala ndi wochepa ndipo ntchito ya ufumu ndi yambiri. Komabe ndinena. Chindapusa cha mlandu wa nkhanza chizipita kwa wovulazidwa, ndipo chizichokera m'thukuta la wolakwa yekha. Akagwire ganyu, akaumbe njerwa, agulitse njinga yake kapena foni yake. Alipire ndalama ya kuchipatala, agule ndowa ndi mapoto amene anaphwanya, abweze ndalama ya mbatata imene anamwera. Chabwalo asalipire womenyedwa. Mfumu ikamadya pa mlandu uliwonse wa nkhanza, anthu amayamba kunong'ona kuti nkhanzazo zikupindulira ena, ndipo ulemu wa mpando umachepa.

Mudzi uli ndi zilango zimene zimaluma kuposa ndalama. Munthu amene mlandu wake uli m'kaundula asakhale m'komiti ya chitukuko, ya sukulu kapena ya mjigo, asakhale nduna, asaimire banja la wina ngati nkhoswe, mpaka omuyang'anira ndi mkazi wake atachitira umboni kuti wasiya. Koma khomo lobwererera likhale lotsekuka. Ambiri mwa amuna amenewa anakula akuona amayi awo akumenyedwa, ndipo palibe anawaonetsapo njira ina yothetsera mkangano. Ndi ana athu, tinawabereka ndife. Tikangowanyoza n'kuwathamangitsa, amapita mudzi wina n'kukakwatira mwana wa wina, nkhanza n'kusamuka nazo. Wosinthadi alandiridwe, ndipo adzakhale iye woyang'anira anzake.

Pali milandu imene bwalo la mfumu lisaikhudze n'komwe. Kugwiririra, kugona ndi mwana, kutema ndi chikwanje kapena nkhwangwa, kuthira madzi otentha, kuthyola fupa, kumenya mayi woyembekezera, kukanyanga pakhosi, kuopseza kuti ndikupha: zonsezi n'za chipatala ndi polisi tsiku lomwelo. Za kukanyanga pakhosi ndikutsindika, chifukwa nthawi zambiri sikusiya bala looneka ndiye anthu amakupeputsa, pamene akafukufuku anapeza kuti mayi amene wachitidwapo zimenezi ali pachiopsezo chachikulu chodzaphedwa. Wogwiriridwa ayenera kulandira mankhwala a PEP oteteza ku HIV asanathe maola 72. Tsiku lililonse limene ankhoswe akutaya pokambirana za mbuzi likuchotsedwa pa maola amenewo. Makhoti a mafumu oweruza milandu ya upandu anatha pamene tinkalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri. Nyakwawa imene yalandira chiweto kuti mlandu wa mwana uthere pansi pa mtengo ichitidwe zimene Mayi Kachindamoto ankachita: iimitsidwe. Ntchito ya mudzi pa milandu yotere ndi kuperekeza wovulazidwa, kusonkha ya mayendedwe, kuchitira umboni osaopa, kulimira munda wa mayiyo pamene mlandu uli m'khoti, ndi kuletsa abale a womangidwa kumutonza. Wolakwayo akadzatuluka kundende, mudzi womwewo umulandire ndi maso otsekuka.

Akulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nanga womenya mkazi akakhala mphwake wa amfumu, kapena mkulu wa mpingo, kapena wabizinesi amene amakongoza mudzi wonse feteleza, kapena amfumu eni ake? Apa m'pamene njira ya kumudzi imagwera, ndipo ndisabise, kulikonse kumene anthu ayesa njira imeneyi wolakwa wamphamvu ndiye amaigonjetsa, chifukwa omuzungulira amadya kwa iye. Lamulo likhale lakuti mfumu isamve mlandu wa mbale wake. Upite kwa gulupu wina kapena kwa a Gogo Chalo. Mayi akhale ndi ufulu wodumpha nyakwawa yake popanda kulipitsidwa kuti wanyoza ufumu. Ndipo pabwalo lililonse lomva nkhani zimenezi pakhale amayi okhala nawo ngati oweruza, osati ongobwera kudzalulutira.

Musaiwale amene alibe ankhoswe. Achinyamata ambiri masiku ano amangolowana, ena ali pachibwenzi chabe, ena ndi akazi achiwiri osadziwika kwa akuluakulu. Mtsikana wotere akamenyedwa n'kubwera kubwalo amauzidwa kuti "banja lanu sitikulidziwa," ngati kuti chibakera chimayamba chafunsa za chinkhoswe. Alandiridwe. Aliponso abambo amene amamenyedwa, kumanidwa chakudya kapena kuthamangitsidwa pachikamwini atamanga nyumba ndi kudzala mitengo, ndipo akabwera kudzadandaula bwalo lonse limagwa ndi phwete. Ndi ochepa poyerekeza ndi amayi, koma kuseka kumeneko n'kumene kumachititsa ena kukadzimangirira. Nawonso amvedwe payekha.

Kwa abusa, ansembe, mashehe ndi anankungwi ndili ndi mawu ochepa, ndipo ndikupempha mafumu muwafikitse. Malangizo a pa chinkhoswe ndi pa ukwati amathera pa mkazi: pirira, usaulule za m'nyumba, mwamuna ndi mwana. Mnyamata amangouzidwa kuti azigula ndiwo. Onjezani mawu amodzi pamaso pa onse awiri ndi pamaso pa ankhoswe: tsiku limene dzanja lidzakwezedwe m'nyumba muno, nkhani imeneyo si ya m'nyumbanso. Ndipo ife oyandikana nawo tileke kukweza wailesi tikamva kulira. Kugogoda n'kunena kuti "ndabwera kudzapempha moto" kwapulumutsapo anthu.

Mabwana a DC ndi a polisi, gawo lanu nali. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo limawerengera ngakhale nkhanza za pachuma ndi za m'maganizo. Limapatsa khoti mphamvu yolemba chikalata choletsa munthu kumenya, kuopseza kapena kuyandikira mnzake, ngakhalenso kulamula kuti wankhanzayo atuluke m'nyumba, wovulazidwa ndi ana atsale. Chikalata chimenechi sichimanga munthu ndipo sichithetsa banja. Amamangidwa pokhapokha akachiphwanya. Ili ndi khomo lachitatu limene amayi ambiri akulifuna, koma pitani pa msika wa Chimbiya kapena pa Kampepuza mufunse amayi khumi ngati analimvapo. Phunzitsani nyakwawa ndi ankhoswe za chikalatachi m'Chichewa chomveka, kuti bwalo likaona kuti munthu wakanika lizitumiza mayi kukhoti ndi kalata ya amfumu ndi womuperekeza. Khoti lizifikako ku Golomoti, ku Lobi, ku Bilira ndi ku Tsangano pa masiku odziwika, m'malo modikira kuti osauka alipeze pa boma. Makomiti othandiza ozunzidwa a m'madera mwa a Gogo Chalo apatsidwe njinga ndi mayunitsi, chifukwa ambiri ndi anthu ongodzipereka. Manambala aulere a 116 ndi 5600 alembedwe pakhoma la sukulu iliyonse ndi pa chigayo chilichonse. Ndipo wapolisi wa ku ofesi yothandiza ozunzidwa asamakhale nkhoswe wachitatu wouza mayi kuti "kakambiraneni kunyumba" pamene magazi akuoneka.

Chaka chilichonse kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala timavala malaya olembedwa mawu, timaguba, timamvera zolankhula za alendo olemekezeka. Sindikunyoza. Koma nkhanza za kuno zimakwera ndalama za mbatata, soya ndi fodya zikalowa m'matumba, ndiponso m'miyezi ya njala pamene ufa watha. Misonkhano yanu izichitika nyengo zimenezo zisanafike, m'midzi momwemo.

Inkosi ya Makosi, pa Umhlangano ku Nkolimbo amuna a Chingoni amasonkhana ochuluka, zishango m'manja, ndipo mawu anu amawamva kuposa a nduna ya boma iliyonse. Mukadzanena pamenepo kuti womenya mkazi asavine ngoma pamaso panu mpaka atakonza, uthengawo udzafika ku Ntcheu konse ndi kutsidya kwa malire dzuwa lisanalowe. A Gogo Chalo a ku Dedza, malamulo a m'madera oletsa maukwati a ana munalemba kale ndipo mukudziwa kalembedwe kake. Ndikupempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira wa khonsolo nkhaniyi ilowe pa mndandanda, gulupu mmodzi m'dera lililonse asankhidwe kuti ayambe kuyesa njirayi kwa chaka, ndipo polemba malamulowo muitane amayi amene anadutsapo pa mabwalo anu kuti anene okha chimene chinawathandiza ndi chimene chinawabweza m'moto. Muwapatse mpando, ndipo nduna isawadule.

Ine mwana wanu,
Mayi wa m'dera la Bembeke, Dedza